Kumanzere kwa Che Amidu

Che Amidu atabwera kuchokera ku mzikiti Lachisanu masana, anapeza situdiyo yawo yonse ili panja. Masipika anali pamkeka pansi pa mtengo wa mango, mikisa yosakanizira mawu ili pampando wa m'khitchini, mawaya ataunjikidwa m'beseni lochapira zovala. Kiyibodi yawo yakale, imene inaphunzitsa ana awo onse sukulu, inali itatsamira khoma la bafa, nkhuku ikuisuzumira.

"Asitaghafirula! Kuno kwagwa moto kapena kwalowa akuba?"

"Kwalowa chitukuko, alamu!" Mawuwo anachokera m'chipinda, limodzi ndi fumbi. Kenaka panatulukira Jaffalie, mchimwene wa akazi awo, tsache lili m'manja, thukuta lili kamukamu.

Jaffalie anali atangofika sabata yomweyo kuchokera ku Joni, kumene anakhalako zaka zambiri osabwera ngakhale pa Idi. Anabwera ndi mphatso ya alamu ake: sinthesaiza yatsopano, yakuda bii, ya mabatani ochuluka, yotha kulira limba, lipenga, ng'oma, chilichonse chimene munthu angaiuze. Che Amidu anailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza mpaka kubwereza. Chimene sanadziwe n'chakuti mphatsoyo yabwera ndi kapitawo wake.

"Ndani wakuuzani kuti mutulutse katundu wanga?"

"Msana wanu, alamu. Ukumveka kulira mpaka kumsewu. Mukamadzuka pampando mumachita kugwira khoma ngati agogo a ku Chowe." Jaffalie anaponya tsache pansi. "Situdiyo yanji imeneyi? Kiyibodi pa tebulo la makina osokera, mapewa mpaka kufika m'makutu. Mpando, thabwa la bwato. Mikisa kumbuyo kwanu, kuti muifike muzichita kudzipotokola ngati mukufinya chovala. Mawaya mbwee pansi, oimba azilowa chodumpha. Ndiye masipikawo! Onse awiri mbali imodzi, ina pamwamba pa inzake. Ku Joni atakuonani angakumangeni."

"Kuno si ku Joni. Nyumba ya mwini saotchera mbewa."

"Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa."

"Kalumo komweko ndi kamene kamatema anthu. Mukudziwa kuti mawa m'mawa kwaya ya ku Malindi ikubwera kudzajambula?"

"N'chifukwa chake ndayamba lero."

Abiti Sadik, akazi a che Amidu, anali pakhonde akusankha mpunga. Sanadzutse n'komwe mutu. "Iwe Jaffalie, galu wamkota sakandira pachabe. Ukanayamba wafunsa."

"Mwamva, alamu? Achemwali akuti ndinu galu."

Tsono panali chinthu chimene Jaffalie sankachidziwa, ndipo m'Mangochi monse ankachidziwa ndi anthu awiri okha, mwini wake ndi mayi wosankha mpungayo. Khutu lamanzere la che Amidu linali lakufa. Ali mnyamata, asanakhudzepo kiyibodi, anali bilamani ku nyanja ya Malombe, munthu amene amamira pansi pa madzi kukamanga khoka la nkacha kuti nsomba zisathawire kunsi. Tsiku lina anamira pakuya kwambiri, m'khutu munaphulika, anavuuka magazi akuchucha. Bala linapola, koma mbali imeneyo kunangoti zii mpaka lero.

Choncho masipika aja sanaunjikidwe mbali imodzi chifukwa cha umbuli ayi. Chilichonse m'chipindamo chinaikidwa kuti chizilira kumanja. Masipika anali kumanja, benchi ya oimba kumanja, ndipo iwo ankakhala chammbali, khosi atalipotoza, maso ali pamilomo ya oimba ndi padzanja la woimbitsa. Msana unkawawa, inde, koma nyimbo zinkatuluka, ndipo makwaya ndi magulu a kaswida, nyimbo zachisilamu, ankabwera kuchokera kutsidya kwa mtsinje ndi kwina konse. Mantha awo anali amodzi: anthu akadzadziwa, adzasiya kubwera. Ndani angapereke nyimbo yake kwa munthu wa khutu limodzi, pamene kumsika kwatsegulidwa situdiyo ina ya anyamata a makutu awiriawiri?

Masana onsewo anathera m'kukangana. Jaffalie akanyamula chinthu kulowa nacho, che Amidu ali pambuyo pake, kanzu ya ku mzikiti ikukwekwera m'fumbi.

"Benchi ya oimba ibwerere kumanja."

"Kumanja kuli soketi, ndipo mawaya onse adutsa kumeneko. Mukufuna amayi a kwaya agwidwe ndi magetsi?"

"Mlendo amakhala kumanja. Ndi ulemu. Ngakhale ashehe angakuuzeni."

"Ashehe ananena za kudya ndi za kulowa mu mzikiti. Za benchi ya mu situdiyo sindinawamvepo."

"Chabwino, ndiye tebulo lisayang'ane kukhoma. Ndimafuna kumaona anthu."

"Muwaone kuti mutani nawo? Nyimbo amamva, alamu, saonera. Tebulo likakhala kuzenera kuja, dzuwa lizikuthobwani m'maso, pa kompyuta osaona kanthu, fumbi la mumsewu likulowa m'mabatani. Mukufuna sinthesaiza imeneyi ife isanathe chaka?"

"Masipika ndiye musawalekanitse. Anazolowerana."

"Anazolowerana! Ndi banja kodi?"

Aliyense womva akanati che Amidu ndi munthu wamakani chabe. Iwonso ankadzimvera okha kuti zifukwa zawo zikutuluka zopanda miyendo, ndipo zimenezo zinkangowonjezera ukali. Anakalipira nkhuku. Anakalipira tsache kuti laikidwa panjira. Anatuluka kukamwa madzi, anabwerera, anapeza Jaffalie wakhoma kale misomali.

Chowawa kwambiri chinali chakuti mnyamatayo ntchito ankaidziwa. Pofika nthawi ya pemphero la swala yamadzulo, chipinda chija chinali china. Sinthesaiza yatsopano inakhala patsogolo, pa miyendo yake yachitsulo, molingana ndi zigongono za munthu atakhala pansi. Kiyibodi yakale inakwera pamwamba pake, yopendekeka pang'ono, moti dzanja linkangochoka apa n'kufika apo. Kompyuta anaiikira matabwa kunsi kuti ifike m'maso, khosi lisamawerame. Mikisa inakhala kumanzere, pofika dzanja osadzuka. Mawaya onse anawamanga ndi mphira za chubu cha njinga n'kuwayendetsa m'mbali mwa khoma, pansi panayera koti mwana angakwawepo. Sipika ina kumanja, ina kumanzere. Ndipo m'malo mwa thabwa la bwato, panali mpando wa matayala wotsamira, umene Jaffalie anaupeza kwa ogulitsa katundu wakale pafupi ndi depoti.

"Takhalani," anatero Jaffalie.

Che Amidu anakhala monyinyirika. Abale, msana unangoti phee! Mapewa anatsika okha. Zala zinagwera pa sinthesaiza popanda kunyamula mikono. Mawu oti alihamudulila anafika pakhosi, koma anawameza, chifukwa kutsogolo kwawo kunali khoma lokhalokha, ndipo benchi ya oimba inali kumanzere, kumbali yakufa.

Jaffalie anaima pafupi ndi mikisa, kumanzere komweko, akupukuta manja. "Mwaiona bwanji, alamu? Ndayesetsatu."

Che Amidu sanamve kanthu. Ankangoyang'ana mabatani. Jaffalie anadikira, kumwetulira kuja kukuzima pang'onopang'ono, kenaka anapukusa mutu.

"Simusintha ndithu," anatero, n'kutuluka.

Abiti Sadik anaona zonsezi ali pakhomo. Mchimwene wawo atangopita kumsewu, analowa n'kuima kumanja kwa amuna awo, monga ankachitira zaka zonse.

"Muuzeni."

"Ndimuuze Jaffalie? Pakamwa pake paja ndi pa wailesi. Pofika mawa madzulo adziwa mpaka a ku Nkhudzi."

"Ndi mlamu wanu, si mdani wanu. Ine ndatopa, bambo a Farida. Ndatopa kunamiza anthu kuti munali m'maganizo pamene akupatsani moni inu osayankha. Ndatopa kukuthowani msana ndi madzi otentha ngati munagwa mumtengo. Kumsika akuti ndinu onyada, mukudziwa?"

"Kunyada sikuthamangitsa makasitomala. Ugonthi ndiwo umathamangitsa."

"Nanga mawa mutani? Muyang'ana khoma, amayi aja ali kumanzere?"

"Ndiona mmene ndichitire. Nyimbo zawo ndikuzidziwa."

Abiti Sadik anaomba m'manja kamodzi. "Chabwino. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ine ndinalumbira kuti sindidzanena, ndipo sindinena. Koma zikakuvutani mawa, musandiyang'ane."

Kwaya inafika Loweruka m'mawa dzuwa litayamba kale kuwawa. Inatsika pa kalole ka matola, amayi ndi atsikana ambiri, abambo ochepa, onse ali mbuu ndi fumbi la msewu wa kutsidya. Patsogolo panali mayi Celestina, woimbitsa kwaya ya tchalitchi cha ku Malindi, mayi wamfupi wa magalasi, amene mawu ake ankamveka asanaoneke mwini. Mayi ameneyu che Amidu ankamusamala ngati dzira. Ndiye anayamba kubwera kudzajambula kwa iwo, ndipo makwaya ena onse a mbali ya kum'mawa kwa nyanja ankatsata kumene iye walozera.

"Iii, koma kwasintha kuno!" anatero mayi Celestina atalowa. "Lero sitipunthwa. Chaka chatha Dinala anatsala pang'ono kusiya mano pa waya. Ndani wachita zimenezi?"

"Ndine, amayi," Jaffalie anayankha msanga. "Mlamu wawo, wa ku Joni."

"Mwachita bwino, achimwene. Tinkangoopa kunena."

Che Amidu anamwetulira ndi mano okha. Oimba anadzaza benchi, ena anaima kumbuyo, maikolofoni ili pakati pawo. Jaffalie anatulutsa mahedifoni awiri, ena anapatsa mayi Celestina, ena anawaveka alamu ake.

"Pojambula masipika timazimitsa, kuti phokoso lisalowe mu maikolofoni," anafotokoza, mokweza kuti onse amve kuti wafika wodziwa. "Amayi, inu muzimva zonse, muziimbitsa ndi dzanja. Alamu, zanu ndazigawa bwino. Ng'oma ndi mawu a oimba ndaziika kukhutu lamanzere, sinthesaiza yanu kumanja, kuti zisasokonezane. Ku Joni amatero."

Apa ndiye panali poti munthu atsegule pakamwa. Koma che Amidu anaona atsikana a kwaya akuwayang'ana, anaona mayi Celestina akukonza magalasi, ndipo anangoti, "Zili bwino."

Jaffalie atawerama kuti adine batani, iwo anatembenuza mahedifoni mwakabisira, mbali ya kumanzere n'kuibweretsa kukhutu lamoyo. Ng'oma za mu kompyuta zinayamba, anazimva. Oimba analowa, anawamva. Koma tsopano chimene zala zawo zinkaimba sankachimva, ndipo sinthesaiza inali yachilendo. Chigongono chinagunda batani lina osadziwa. M'malo mwa limba lofatsa la m'tchalitchi, munatuluka kulira kwa lipenga, kokwera, kosongoka.

Mayi Celestina analumpha n'kuvula mahedifoni. "Mayo! Tabwera ku gule wa beni kodi?"

Jaffalie anaimitsa zonse, anayang'ana alamu ake, n'kuseka. "Aaa, alamu, mwavala mozondoka! N'chifukwa chake mukusokonezeka." Anawavula mahedifoni, anawatembenuza, anawavekanso bwinobwino monga amavekera mwana chipewa. Kwaya yonse inaseka. Che Amidu anasekanso nawo, koma m'kati ankaphika.

Anayambiranso. Ulendo uno che Amidu ankamva sinthesaiza yawo yokha, yokoma, yoyera, ili yokhayokha m'mutu monse. Ng'oma kunalibe, oimba kunalibe. Anayang'ana kamuni kophethira pa kompyuta, anawerenga mumtima, analowa. Nyimboyo ankaidziwa, anaganiza kuti aiyendetsa ndi mutu. Koma kwaya si wotchi. Pamene mayi Celestina ankakokera mawu kumapeto kwa mzere, iwo anali atalowa kale mzere wina. Pofika pakati pa ndime, sinthesaiza inali patsogolo, ng'oma pakati, oimba akuthamangira m'mbuyo.

"Che Amidu, mwafulumira," anatero mayi Celestina.

Zala zinapitirira.

"Che Amidu, taimani kaye!"

Oimba anasiya mmodzimmodzi mpaka onse anakhala chete. Mayi Celestina anavula mahedifoni, anayenda n'kukaima pafupi penipeni, kumanzere kwawo, nayankhula mwaulemu wa munthu amene wayamba kupsa mtima. Anawauza kuti pamzere wachitatu amakokera. Anawafunsa ngati akumva. Anawatchula dzina. Che Amidu anali atatsinzina, mutu ukugwedezeka, akuimba okha ndime yonse mpaka kolasi, mokoma kwambiri, m'chipinda mmene munthu wina aliyense anali atangoti kukamwa yasa.

Atatsegula maso, anaona chithunzithunzi pakhoma. Anatembenuka. Mayi Celestina anali ataima pamenepo.

"Ndimangoyesa kaye mawu a chipangizochi," anatero che Amidu, akuvula mahedifoni.

"Mumayesa? Ine ndaima pano ngati chitsa, ndikuyankhula nanu, ana awa akuonerera, inu mumayesa?" Mawu a mayi Celestina anadzaza chipinda. "Che Amidu, ndakhala ndikumva kuti ndinu onyada, ine n'kumakuikirani kumbuyo. Lero ndadzionera. Kodi poti mwagula chipangizo cha ku Joni ndiye kuti ife amayi a ku mishoni tasanduka mphepo? Tadzuka m'mamawa, tagwedezeka pa lole msewu wonse uja, kuti tidzanyozedwe? Situdiyo si yanu yokha m'tauni muno. Atsikana, tengani zikwama."

"Ndi khalidwe lawo, amayi," anatero Jaffalie. Sankasekanso, ndipo mawu ake anatuluka owawa kuposa mmene nkhaniyo inalili. "Amayankha amene akumufuna. Ena tonsefe timayankhula ndi khoma."

Oimba anayamba kutolera zitenje ndi mabuku a nyimbo. Pakhomo panaima abiti Sadik, ndowa ya thobwa ili m'manja, makapu ali m'mbale. Che Amidu anawayang'ana. Iwo anayang'ana pansi, monga ananenera.

Panalibenso kothawira. Akakhala chete, mayi Celestina atuluka ndi makwaya onse a kutsidya, n'kumakauza anthu kuti che Amidu amanyoza amayi. Akanena, atuluka ndi nkhani ina. Che Amidu anadzuka pampando wa matayala uja, ukali wonse wa dzulo utawathera, atangotsala ndi manyazi.

"Amayi, taimani. Sindinakunyozeni. Sindinakumveni." Anagwira khutu lamanzere n'kulikoka. "Ili ndi lakufa. Linafera ku Malombe ndili mnyamata, ndikumira pa nkacha. Munthu akaima mbali iyi, kaya akukuwa, kaya akunditukwana, kwa ine kuli bata. Masipika aja ndinkawaunjika dala. Ndinkakhala mopotoka dala, kuti ndiziona dzanja lanu. Lero andiyang'anitsa kukhoma, ndipo inu nonse akuikani m'khutu lakufa."

Mtsikana wina anaseka poyesa nthabwala, mnzake anamugunda ndi chigongono.

Mayi Celestina anavula magalasi, anawapukuta ndi chitenje, anawavalanso. "Nyimbo zathu za chaka chatha zija munazipanga ndi khutu limodzi?"

"Lomweli."

"Nanga osanena bwanji?"

"Mukanabwera?"

Mayiyo sanali munthu wonama. "Kaya," anatero. "Mwina ayi." Anayang'ana oimba ake, anayang'ana sinthesaiza, anapuma mozama. "Koma tabwera kale, ndipo lole yabwerera. Lero tijambula. Za m'tsogolo tidzaona nyimbo zikatuluka. Konzani chipinda chanu mmene mumamvera, ife tikhala panja."

Oimba akutuluka, che Amidu anaona mtsikana wina akudinadina foni yake mofulumira. Anadziwa kuti nkhani yawoloka kale mlatho.

Abiti Sadik anapereka thobwa kwa alendo pansi pa mango, n'kubwerera. M'chipindamo Jaffalie anali atagwada pakhoma, akumasula mphira za mawaya, osayang'ana munthu. Anamasula imodzi, anamasula ina. Kenaka anadzuka, anazungulira mpando, n'kukaima kumanja kwa alamu ake.

"Alamu, pa sadaka ya malemu bambo tinakhala mkeka umodzi, mbale imodzi ya mpunga. Mukukumbukira?"

"Ndikukumbukira."

"Ine ndinali mbali iti?"

Che Amidu anaganiza. "Kumanja kwanga kunali ashehe."

Jaffalie anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Tsiku limenelo ndinakupemphani. Ndinati, alamu, anzanga akuti tipite ku Joni, koma ine mtima sukufuna. Ndiphunzitseni ntchito yanuyi, ngakhale kukulunga mawaya kokha. Ndinanena motsitsa, ndi manyazi, poti panali anthu. Inu munangopitiriza kudya. Ndinabwereza. Munatembenukira kwa ashehe n'kuyamba kuseka nawo nkhani zina. Ndinati basi, andiyankha. Mwezi womwewo ndinakwera basi."

Abiti Sadik anagwira pakamwa.

"Kumene kuja ndagona m'masitolo a eni," anapitiriza Jaffalie. "Ndathamangitsidwa, ndaika anzanga m'manda. Ndikapeza mpata ndinkakasesa mu situdiyo ya munthu wina, ulere, kuti ndiphunzire ndekha chimene munandimana. Sinthesaiza iyi sindinaigule ndi chikondi chokha ayi, ndisaname. Ndinkafuna muione, muone mmene ndakonzera chipinda chanu, muchite manyazi."

"Chitsiru ndine," anatero abiti Sadik, misozi ili m'masaya. "Ndinasunga khutu la amuna anga, n'kutaya mchimwene wanga. Amayi anamwalira akufunsa kuti Jaffalie abwera liti."

Che Amidu anakhala pansi. Zaka zonsezi ankayesa kuti chinsinsi chawo chikungowadyera msana wawo okha.

"Manyazi ndachita, alamu," anatero. "Wallahi, ndikanamva, simukanapita. Pepani."

Jaffalie anapukuta kumaso ndi malaya, n'kugwira tebulo mbali imodzi. "Gwirani uko. Anthu akudikira."

Analitembenuza tebulo kuti liyang'ane m'chipinda, msana kukhoma. Benchi ya oimba anaikokera kutsogolo, chakumanja, poti dzanja la woimbitsa lizioneka pamwamba pa kompyuta. Mawaya anawadutsitsa khoma linalo, ndipo pazenera abiti Sadik anapachikapo chitenje chochindikala chotchinga dzuwa ndi fumbi. Masipika anabwereranso pamodzi ngati banja. M'mahedifoni Jaffalie anasakaniza zonse, ng'oma, oimba ndi sinthesaiza, kuti zizifika m'makutu onse mofanana. Koma miyendo yachitsulo ija inatsala, matabwa a pansi pa kompyuta anatsala, mpando wa matayala unatsala. Che Amidu atakhalapo, anapeza kuti akuona benchi yonse khosi lili chilili.

"Mikisa tiisunthirenso kumanja," anatero Jaffalie.

"Ayi, ikhale pomwepo."

Che Amidu anatuluka panja, anadutsa pakati pa oimba amene anasiya kunong'onezana atawaona, n'kukatenga mpando wakale wa thabwa la bwato uja kuseri kwa bafa. Anabwera nawo, anaupukuta ndi dzanja, anauika kumanzere kwa mpando wawo, pafupi ndi mikisa.

"Khalani apa, alamu. Mbali iyi yakhala yopanda munthu nthawi yaitali. Zochitika kuno muzimva ndinu. Mukafuna kundiuza kanthu, osanong'ona. Mundigwire paphewa."

Jaffalie anauyang'ana mpandowo. "Inu pa matayala, ine pa thabwa?"

"Ophunzira ntchito amayambira pamenepo. Msana wanu ukadali wanthete."

"Wophunzira ndani pano, inu kapena ine?"

"Khalani pansi, anthu akudikira."

Jaffalie anakhala. Oimba analowa n'kudzaza benchi, ena akuba maso kuyang'ana khutu lija. Mayi Celestina anavala mahedifoni, anaima poonekera, anakweza dzanja. Che Amidu analiona likutsika, ndipo analowa nalo limodzi. Pamzere wachitatu mayiyo anakokera, iwonso anakokera.

Ndime yoyamba inatha bwino. Ali pakati pa yachiwiri, anamva dzanja likuwagwira paphewa lamanzere. Anachotsa zala pa sinthesaiza nthawi yomweyo, anakankhira hedifoni kumbuyo, anazunguliza mpando wonse mpaka khutu lamoyo linafika pamene panali Jaffalie.

"Nenani, alamu," anatero. "Ndikumva."